Atelala athu a pa Jali atisiya

Adimini: Abale nonse a pagulu lino, ndalandira uthenga wachisoni m'mamawa uno. Atelala athu aja a pakhonde la sitolo yakale ya Mmwenye, amene ambirife tinkangowatchula kuti a Bwerani Mawa, atisiya usiku wapitawu kuchipatala ku Zomba. Anawagoneka sabata yatha ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Thupi likadali ku nyumba yachisoni, akubanja akukambirana za mwambo. Ndikamva zina ndikudziwitsani. Chonde lero zamalonda tiyambe taziimika kaye pano.

Nachisale: Iii ayi. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Wa ku Joni: Zoona zimenezi adimini? Pa Khirisimasi pomwepa ndinawapeza pa benchi yawo ija, tepi ili m'khosi, akundiseka kuti mimba yakula ndiye muyezo wanga wakale autaya.

Abiti wa ku Kachulu: Pepani anamfedwa nonse. Bambo amene uja anali wa tonse, Mkhristu ndi Msilamu yemwe. Mikanjo ya ana anga ya pa Idi ankasoka ndi iwowo.

Naphiri: Auuse mumtendere. Amayi a Mvano tataya munthu. Bulauzi yoyera ya amayi anga anasoka ndi iwo, yanga anasokanso ndi iwo, kolala yake mpaka lero sinapindike.

Kabaza wa pa Siteji: Pepani. Koma dzina lawo lenileni ndani kodi? Ine chibadwire ndimangomva a Bwerani Mawa.

Nambewe: Iwe mwana, dzina la munthu wamkulu salifunsa pagulu. Ukalimva pa mbiri tsiku la maliro.

Aphunzitsi Opuma: Ana inu munawadziwa atachita kale imvi. Ine ndinawadziwa akungobwera kumene kuchokera ku Wenela, ndili mnyamata wongoyamba ntchito. Kwa amene simukudziwa, masiku amenewo amuna ambiri a kuno ankalembedwa kupita ku migodi ya golide ku Joni. Ankakwera ndege kuchoka ku Blantyre kukatsikira ku Francistown m'dziko la Botswana, kuchoka apo n'kupitiriza pa sitima. Mu April 1974 ndege ina itangonyamuka ku Francistown konko inagwa, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi. Kamuzu anakwiya kwambiri n'kuletsa Wenela kulemba anthu, ndipo amene anali kumigodi anayamba kubwerera miyandamiyanda. Malemuwa anabwera m'gulu limenelo. Anzawo anafika ndi mawailesi, majekete aataliatali ndi njinga za Humber, kumayenda monyang'wa pamsika. Iwo anafika ndi mutu wa makina a Singer atakulunga m'bulangete. Miyendo yake yopalasira anachita kukagula ku Limbe. Anthu tinawaseka kuti munthu wapita ku Joni kukatenga chitsulo. Mawailesi aja anatha pasanathe zaka zisanu, makina aja ndi omwewa munkawamva kulira pakhonde mpaka mwezi wathawu.

Wa ku Joni: Aphunzitsi, ndiye kuti pakhondepo anayamba Mmwenye akadalipo?

Aphunzitsi Opuma: Eya. Kale sitolo iliyonse ya Mmwenye inkakhala ndi telala pakhonde. Ukagula nsalu m'kati, mayadi ako awiri kapena atatu, umangotuluka n'kumupatsa telala akuyeze pompo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 boma linauza Amwenye kuti achoke m'misika ya kumidzi, akachite malonda m'mizinda ikuluikulu basi. Sitolo ija inadutsa m'manja mwa anthu osiyanasiyana, pena golosale, pena yogulitsa feteleza, pena kungokhala yotseka. Koma aliyense wobwera ankawapeza atelala pakhonde n'kuwasiya pomwepo.

Nambewe: Ine ndiseke kaye ngakhale kuli maliro. Mukukumbukira lamulo lija la 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi oonetsa mawondo? Linathetsedwa mu 1993, koma kwa bambo amene aja silinathe. Ine ndili mtsikana, ndangoyamba ntchito ku Zomba, ndinagula nsalu yanga yokongola n'kupita nayo. Ndikuwalozera kuti ifike apa, pamwamba pa bondo pang'ono. Iwo akugwedeza mutu, choko chili kukhutu, akulemba m'kope mwawo bwinobwino. Tsiku lokatenga, siketi ikufika m'katumba. Ndikudandaula, iwo osatukula n'komwe mutu pa makina, akuti "Nsalu inatsala mwanawe, ndiye ndikanaitaya?" Ndinalira tsiku limenelo. Ndinakapinditsa kwa telala wina ku Chinamwali mobisa, ndipo ndikabwera kumudzi ndinkadutsa kuseri kwa msika kuti asandione.

Nachisale: Kkkk amayi inu mwandikumbutsa. Ine anandibwezera nsalu yanga ati buluku la mkazi sasoka, ndipite kwa anyamata a m'tauni.

Naphiri: Koma m'zaka zomalizazi anafewa. Mdzukulu wanga anamusokera buluku la kusukulu ya unamwino osanena kanthu.

Kabaza wa pa Siteji: Ine ndinene zoona, tisawasandutse mngelo chifukwa amwalira. Achimwene anga anapereka suti ya ukwati kudakali miyezi iwiri. Ukapita, bwerani mawa. Ukapitanso, bwerani mawa, ulusi wa mtundu wake wasowa. Tsiku la ukwati m'mawa anthu ali kale kutchalitchi, mkwati ali pakhonde atavala malaya, tayi ndi kabudula, akudikira buluku. Ine ndi amene ndinkakupizira makala a simbi kuti asite msanga. Ankhoswe akuchikazi anatsala pang'ono kubwerera kwawo. Zimenezo tisaziiwale.

Abiti wa ku Kachulu: Mwanawe, thupi lisanalowe n'komwe m'manda?

Kabaza wa pa Siteji: Pepani anganga, sindikunyoza. Bulukulo linali labwino, achimwene akuvalabe. Ndikungoti ankachedwa.

Wa ku Joni: Mnyamatayu sakunama ayi. Tonse tinaimapo pakhonde paja. Dzina lija silinachokere kumwamba.

Aphunzitsi Opuma: Kuchedwa ankachedwadi, ndipo nanenso tinakanganapo chifukwa cha jekete. Koma ukwati wa achimwene akowo unali mwezi wanji? Ndikufunsa chifukwa sukulu zikamayandikira kutsegulira, bambo amene uja ankaika pambali chilichonse n'kuyamba mayunifomu. Suti ya munthu wolipira ndalama zonse inkadikira, diresi ya mwana amene mayi ake sanapereke ngakhale tambala inkatsogola. Ndinkaziona ndekha ndili kusukulu. Chaka cha 1994 isanafike, mwana wopanda yunifomu kapena fizi tinkamubweza pakhomo, linali lamulo. Amayi ankapita kwa atelala akulira, iwo n'kutenga kaki m'sitolo pa ngongole ya dzina lawo, kusoka usiku pa koloboyi, mwana m'mawa ali m'kalasi. Kubweza kwake kunali pokolola, wina mpunga, wina nandolo, wina nkhuku, wina osabweza.

Kabaza wa pa Siteji: Unali mu January.

Aphunzitsi Opuma: Basi ndiye wadziyankha wekha. Masiku amenewo chaka cha sukulu chinkayamba mu January.

Nesi wa ku Mzuzu: Ndangotsegula foni kumene potuluka ku ntchito, misozi ikungotsika. Ine ndi mmodzi mwa ana amene aphunzitsi akunenawo. Bambo anga atamwalira ndili Sitandade 5, diresi yanga inali itang'ambika kumsana moti ndinkavala juzi ngakhale mu October. Tsiku lina ndikudutsa anandiitana, "Iwe mwana wa uje, tabwera." Anandiyeza osandiuza chilichonse, tepi paphewa, m'chiuno, mpaka pansi pa bondo. Patatha masiku anandipatsa diresi yatsopano, yaikulu moti manja ankafika m'zigongono, mpendero wake wopinda kawiri. Akuti chaka chilichonse uzibwera ndizikumasulira. Ndinamaliza nayo Sitandade 8. Amayi anapita ndi lichero la mtedza, anakana, ati mukadyetse ana.

Nachisale: Mpendero wopinda kawiri uja tonse tinavala. Ukamasula pankatsala mzere woyera wozungulira, anzako n'kudziwa kuti wakula.

Wa ku Joni: Koma chimene chinawagwetsa atelala onse ndi kaunjika. Zovala za m'mabelo zitadzaza misika m'zaka za m'ma 1990, ndani akanagulanso nsalu ya David Whitehead n'kulipira telala, pamene malaya osokasoka akupezeka pamulu motchipa? Pa Jali panali atelala ambiri, ena anapita kukapha nsomba, ena ku Limbe kukakhala alonda. Iwowa anatsala chifukwa sanachite manyazi kusintha. Anayamba kuchepetsa za kaunjika zomwezo, kuika zipi, zigamba, kusandutsa diresi ya mzungu wonenepa kukhala madiresi awiri a ana.

Naphiri: Ndi zitenje za zipani musaiwale. Nthawi ya kampeni ankasoka zachikasu, zabuluu, zalalanje, zonse pa chingwe chimodzi. Ukawafunsa kuti inu muli mbali iti, ati ine ndili mbali ya ulusi.

Adimini: Abale, mwana wa malemu wachisamba ndamulowetsa pagulu, ali ndi mawu.

Mwana wa Malemu: Zikomo makolo anga ndi abale nonse. Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba, zina ndawawerengera amayi, pena akulira pena akuseka. Achimwene a kabaza musadandaule, ifenso ana awo mayunifomu athu ankamalizidwa usiku woti mawa sukulu. Mwambo uli motere: thupi tikalitenga mawa masana, tigona nalo kunyumba, kuika m'manda ndi mkuja Lachinayi. Panali kukambirana pang'ono chifukwa atsibweni awo a kwawo ku Phalombe amafuna akagone kwa makolo awo, poti kuno anali mkamwini. Koma mafumu a mbali zonse akhala pansi, agwirizana kuti agone kuno komwe akhala zaka zonsezi. Nkhani ina ndi iyi. M'sutikesi mwawo tapeza makope a ngongole, ena akale moti mapepala achita chikasu. Achimwene anga akuti tiwerenge maina pa maliro kuti anthu abweze. Amayi akukana. Ine ndasowa chonena, ndiye ndati ndimve kwa inu.

Nambewe: Ayi ayi, pa maliro sawerenga maina a angongole. Mwambo wake amafunsa kuti alipo amene malemu anali naye ngongole, kapena amene anakongola kwa malemu, akaonane ndi akubanja. Zikathere pomwepo. Kuchititsa anthu manyazi pamanda si bwino.

Kabaza wa pa Siteji: Koma akangonena choncho palibe amene adzabwere. Anthu a pa Jali timadziwana. Mayi aja atsala okha, adya chiyani? Ulemu?

Abiti wa ku Kachulu: Ine ndisabise, dzina la malemu amuna anga lilimo m'makopemo. Chaka cha 1995 nyanja ya Chilwa itauma, anthu tinkayenda pansi kupita ku Chisi, mabwato ali gada pamatope. Kunalibe matemba, kunalibe mlamba, asodzi onse manja lende. Ana athu atatu anavala chaka chimenecho chifukwa cha bambo amenewa. Nyanja itabwerera tinkawapatsira nsomba, koma ngati zinakwanira sindinganene. Kwathu ku Chisilamu ngongole ya womwalira sitiisiya, imamulemera kumene ali. Mwananga, undionere tsamba la amuna anga, ndidzabwera ndekha kwa amayi ako. Koma pa chinkuzamawu ayi.

Mwana wa Malemu: Anganga, chaka chimenecho ndachipeza. Masamba ake ambiri ndi a anthu a kunyanja. Koma ambiri anawakhwatcha ndi cholembera chofiira, pambali n'kulemba kuti "nyanja". Ena analemba "wamasiye", ena "wamwalira". Za 2002 nthawi ya njala ija ndi chimodzimodzi. Osakhwatcha ndi a anthu apantchito, ndipo ena mwa iwo muli pagulu pompano.

Nachisale: Eee, pagulu pangoti zii.

Wa ku Joni: Kkkk anthu akuwerenga koma osalemba. Chabwino ndiyambe ine, jekete yanga ya ulendo woyamba wobwera kuno ndinapereka theka. Funso langa ndi lakuti tibweza pa mtengo uti? Ngati m'kopemo analemba K40 ya nthawi imeneyo, lero K40 sugula ngakhale bokosi la machesi. Kwacha yagwa kangati? Mu November 2023 mokha inagwa ndi 44 peresenti. Ine ndikuti aliyense afunse kuti chovala chimene anasoketsacho telala akusoka ndalama zingati lero, apereke zimenezo.

Naphiri: Apo ndiye mwanena achimwene. Koma osakakamiza. Ena analidi ndi ngongole koma lero ndi okalamba, alibe kalikonse.

Aphunzitsi Opuma: Mwini wake anasiyanitsa kale ndi cholembera chofiira, ife tisavutike kuweruza. Amene anakhwatchidwa akhululukidwa, ndipo ana asawalondole. Amene sanakhwatchidwe, malemu ankadziwa kuti angathe, ankangowaonera ulemu. Mwana wanga, maina usaike pano ndipo usawerenge pamanda. Upatse adimini ndi mkulu wa mpingo mmodzi, aziimbira mmodzimmodzi mwakachetechete. Ndipo muyambe ndi ine, ndikudziwa kuti jekete ija tinakanganirana sindinamalize.

Kabaza wa pa Siteji: Aphunzitsi nanunso?

Aphunzitsi Opuma: Manja anali aafupi, ndinakwiya. Koma ndinaivala zaka zambiri ndithu.

Nesi wa ku Mzuzu: Langa kaya analikhwatcha kaya ayi, ine nditumiza. Adimini tipatseni nambala ya Airtel Money kapena Mpamba kumbali. Ndiponso ndifunse, makina aja atani? Ndikufunsa dala chifukwa timaziona, maliro akangotha abale a mwamuna amanyamula chilichonse mpaka mbale. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limanena kuti kulanda katundu kwa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Amayi asaope.

Nambewe: Anesi, mawu amenewo ndi olemera pa nthawi ino. Anthu a ku Phalombe avomera kale kuti m'bale wawo agone kuno, tisawayambe ndi za milandu.

Nesi wa ku Mzuzu: Sindikuloza munthu amayi, ndikungotchinga. Zikachitika timadzati tikanadziwa.

Mwana wa Malemu: Musade nkhawa achemwali. Za makina bambo ananeneratu pamaso pa ankhoswe a mbali zonse chaka chatha. Ndi a amayi, koma azigwiritsa ntchito mnyamata uja ankawathandiza pakhonde, azipereka kangachepe pamwezi. Ife ana palibe anaphunzira kusoka, ankatithamangitsa ati pitani kusukulu, singano imatha maso. Akwawo apempha njinga ndi jekete yakuda ija kuti akaonetse kumudzi, amayi avomera.

Abiti wa ku Kachulu: Mnyamata ameneyo ndi wodekha, koma mabatani amaika mokhota. Aphunzire.

Adimini: Zikomo nonse. Nambala ndatumiza kwa aliyense payekha, polemba muzinena ngati ndi chipepeso kapena ngongole kuti tisasokoneze. Ofuna kuthandiza ufa, nyemba, kabichi ndi nkhuni aperekere kwa amayi a Mvano amene ali kale pa siwa. Adzukulu ayamba kukumba Lachinayi m'bandakucha, pakufunika anyamata ndi makasu chifukwa nthaka yauma. A ku Zomba m'tauni, pali lole imene inyamuke pa depoti 7 koloko m'mawa, osachedwa. Akabaza mwati bwanji?

Kabaza wa pa Siteji: Takambirana pa siteji, Lachinayi okalamba onse opita kumaliro tiwanyamula ulere kuchokera pamsika. Tiperekezanso thupi mawa kuyambira pa mlatho.

Naphiri: Mulungu akudalitseni ana inu. Koma muziyendetsa bwino, tisakhale ndi maliro awiri.

Wa ku Joni: Ife akutali mutijambulireko mbiri ikamawerengedwa. Koma chonde nkhope ya malemu m'bokosi musajambule, zija zimachitika masiku anozi sizoona.

Adimini: Abale, tabwerako kumanda. Mwambo wayenda bwino, anthu anali ambiri moti nsima inaphikidwa kawiri. Abusa atalalikira, a Shehe a pamsika anapemphanso mpata n'kulankhula mawu ochepa. Amfumu pofunsa za ngongole sanatchule dzina la munthu, koma anati amene wavala chosokedwa ndi malemu aimirire. Anaimirira anthu ochuluka, ena atavala mayunifomu a Mvano, madala ena majekete othina m'khwapa. Aphunzitsi anabwera ndi yawo ya manja aafupi ija. Za ndalama ndipereka lipoti Loweruka tikawerengera limodzi ndi akubanja. Amene ndakuimbirani osayankha, ndikuimbiraninso.

Nachisale: Ine ndinalephera kudziletsa pamene mnyamata wawo uja anaika tepi pa bokosi m'malo mwa nkhata.

Nambewe: Koma amene anawerenga mbiri anathamanga kwambiri, za ku Wenela sanazitchule n'komwe. Bola akanapatsa aphunzitsi.

Mwana wa Malemu: Zikomo kwambiri nonse, amayi akuti mawu alibe. Chomaliza, kuchipinda kwa bambo kuli matumba atatu a nsalu za anthu zimene sanamalize. Zina analembapo dzina ndi choko, zina ayi. Kuyambira Lolemba zikhala pakhonde ndi mnyamata uja, bwerani mudzazindikire zanu. Wofuna kuti amalizitse akambirane naye mtengo, wofuna kutenga atenge.

Naphiri: Muli chitenje changa chobiriwira cha nkhanga, ndinapereka chaka chatha chisanafike Pasaka.

Kabaza wa pa Siteji: Achemwali, mundionereko buluku lakuda la sukulu ya sekondale. Ndinapereka ndili Fomu 3 kuti achepetse m'chiuno, pano ndili ndi ana awiri.

Mwana wa Malemu: Lilipo achimwene, dzina lanu lili pa lamba. Mbali imodzi anachepetsa kale.